Kapu ya a Zangaphee

Alendo anali atakhala kale mu tenti pamene injiniya Aziza anakokera a Zangaphee kuseri kwa thanki.

"Masefa atsopano aja sitinawalumikize," ananong'ona. "Mapaipi anabwera aang'ono. Madzi akutuluka monga mwakale."

A Zangaphee anali woyang'anira madamu oyeretsera madzi a m'zimbudzi pa sukulu ina yogonera ku Mwadzama. Mlungu wonse anali akulengeza pamsika, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, kuti masefa afika, ndipo tsiku lowatsegulira adzamwa madzi a pa paipi yomaliza anthu akuona. Asodzi amene ankadandaula kuti mtsinje ukupititsa fungo kunyanja anabwera onse, ena atasiya maukonde osasoka.

"Tingowauza abwerenso mwezi wamawa," anatero Aziza.

"Mabanzi atagulidwa kale? Mayi, mukufuna ndisamuke m'mudzi muno?"

Nzeru inawabwerera pomwepo. M'chikwama mwawo munali botolo la madzi akumwa limene ankanyamula kuchokera kunyumba. Analibisa m'jekete, namanga mabatani onse ngakhale dzuwa linkaswa mtengo.

Ahedi atamaliza kulankhula, a Zangaphee anatsika pang'onopang'ono kupita kupaipi. Anagwada chofulatira anthu, natsanulira madzi ena a m'botolo lija m'kapu. Kenaka anadzuka ndi kukweza kapuyo kuti aliyense aone.

"Oyera ngati a m'sitolo," anatero.

Anamwa osapumira. Kakomedwe kanali kachilendo pang'ono, koma botololo poyamba linali la mafuta ophikira, ndiye sanadandaule. Anthu anaomba m'manja. Abasi, mkulu wa asodzi, anavula kofiya ndi kupempha kuti alaweko.

"Malamulo salola. Amalawa ndi ophunzira ntchitoyi okha," anayankha a Zangaphee.

Wojambula zithunzi anadandaula kuti kamera inachedwa kuyaka. A Zangaphee anagwadanso, natsanulira otsala aja, namwa kachiwiri chala chaching'ono chili m'mwamba. Ahedi anawagwira chanza nthawi yaitali, nanena kuti munthu wokhulupirira ntchito yake chotere sapezeka wamba. Aziza anangoyang'ana nsapato zake.

Alendo atayamba kulimbirana mabanzi, mayi Keti, akazi awo a Zangaphee, anafika akuseka ndi kuwapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Lero mwandinyaditsa, bambo. Amayi anzanga ankandiseka, koma adzionera okha."

"Ankakusekani chiyani?"

"Mjigo uja unawonongeka Lolemba. Inu mutanena kuti masefa afika, ndinati ndivutikirenji kupita kutali. Madzi onse a kunyumba, ndi a m'botolo lanu omwe, ndikutunga pa paipi yomweyi."