Ndere Zinasamuka

"Alamu, musandiphunzitse ntchito," anatero mng'ono wa malemu uku akukokera bwato kumtunda. "Ndi mwana yemwe amadziwa kuti pamene pamera ndere zachikasu mafunde safikapo."

"Mukudziwa ndinu," anayankha mayi wamasiyeyo.

Bwatolo linali la mwamuna wake, amene anamira panyanja. Misozi isanaume n'komwe, mlamu wakeyu anadzalanda bwato, injini ndi maukonde, mayiyo n'kutsala ndi ana basi.

Bamboyo anasiya bwato pafupi ndi miyala ya ndere zouma, zokakamira ngati nkhanambo, osalimanga. Kenako anapita kuseri kwa chilumba kukayanika nsomba.

Masana madzi anakwera, mphepo ikuwomba. Pobwerera anapeza matabwa akuyandama, injini itamira.

"Zatheka bwanji?" anakuwa, manja ali kumutu.

Madzi ataphwa anathamangira pa miyala ija. Atakankha umodzi ndi phazi, unangogubuduka. Yonse inali yongosanjikiza pamchenga. Atakweza maso anaona ndere zina zili pamalo pake, pathanthwe, kumtunda kwenikweni, ndipo m'munsi mwake munali maenje atsopano pamene panazulidwa miyala.

Anatembenuka. Mayi uja anali chiimire, akupaka mafuta zikhatho zake zosupuka.

"Alamu, ndere zinayamba liti kuyenda?"

"Zinthu zimasamuka, alamu. Maukonde aja sanasamuke?" Mayiyo anayang'ana thabwa limene linkapita pakati pa nyanja. "Musalire. Achimwene anu angobwera kudzatenga bwato lawo."