Botolo Lomwe Odile Anabisa

Nthawi inali itangokwana 12 koloko masana, ndipo mvula yowaza inali isanakate chiyambire m'mawa. Odile anaika mphika wa supu ya adyo patebulo, n'kuponya diso lochenjeza kwa apongozi ake aamuna, a Anselme.

Dzulo lake anali atawachonderera, iwo n'kulonjeza. Chizolowezi chawo chothira vinyo wofiira m'supu yotsalira n'kugugudiza ndi mbale, monga amachitira alimi akale a kwawoko ku Périgord m'dziko la France, chisaoneke tsiku limeneli. Mlendo wawo, a Ferrand, anali wogulitsa vinyo ku Bordeaux, ndipo mnyamata wawo ankafuna kukwatira Coline, mwana mmodzi yekhayo wa Odile. Zinkamveka kuti bambowo ankakayikira za banjali. Anabwera kudzadzionera okha.

Odile sanakhulupirire lonjezo la nkhalamba. Botolo la vinyo wofiira wa ku Cahors analibisa kuseri kwa thumba la ufa, patebulo n'kuikapo woyera wa ku Bergerac, wozizira bwino. Woyera sathira m'supu.

A Ferrand ananunkhiza tambula yawo n'kuibweza osalawa. Anayamba kumwa supu. Coline anayambitsa nkhani ya mvula, koma palibe anaitola. Supu itatsala pang'ono m'mbale, mlendoyo anagoneka supuni, maso akuyendayenda patebulo.

"Kodi vinyoyu sanakusangalatseni?" anafunsa Odile.

"Alibe vuto, mayi. Koma wofiira m'nyumba muno mulibe?"

"Alipo. Ndimati abwere limodzi ndi bakha."

"Ngati sindikukuvutitsani, abwere panopa."

"Wamva wekha, mwana wanga," anatero a Anselme. "Ine pakamwa sindinatsegule."

Kukhitchini Odile anatulutsa botolo lija kuseri kwa thumba la ufa n'kulitsegula. Munthu wodziwa vinyo anali atakana vinyo wake pamaso pa mwana wake. Tsopano wofiirayo ankapita kukakhala pafupi ndi nkhalamba ija, yomwe inali itasiya dala supu pang'ono m'mbale.

Atabwerera anapendeketsa botolo kuti athirire mlendo vinyo woti alawe. A Ferrand anatseka tambula ndi dzanja. Coline anazolika.

"Ndipatseni botololo, mayi."

Odile anapereka. A Ferrand anathira vinyo m'mbale yawo ya supu, n'kuizunguza pang'ono, kenako anainyamula ndi manja awiri n'kugugudiza mpaka dontho lomaliza.

"Ku Bordeaux ndimachita izi mobisa, akazi anga akatuluka," anatero akupukuta ndevu. "Nditaona woyera yekha patebulo ndinati mwana wanga wagwa m'banja la anthu onyada. Akulu, mbale yanu ikuzizira."

A Anselme anali atatambasula kale dzanja. Odile anatola supuni zogwiritsa kale ntchito n'kubwerera kukhitchini kukatembenuza bakha asanapserere.