Nyumba ya Esinala Ikwera ndi Madzi

Kuchigwa cha Shire sankalolanso kumanga nyumba yokhazikika pansi. Nyumba iliyonse inkakhala pa migolo yoyandama, itakolekedwa ku nsanamira zinayi zachitsulo, luso limene alangizi adakaphunzira kwa Adatchi. Esinala adazolowera pang'onopang'ono. Ankasinjira pabwalo, miphika ankaipachika pa zingwe, ndipo matumba a mapira ankawagawa mofanana mbali zonse kuti nyumba isapendekeke.

Madzi adafika Lachitatu m'mawa, ofiira, atanyamula mapesi ndi mitengo. Bambo ake, a Thaundi, amene adafa miyendo chaka chapitacho, adamva mkokomowo ali pamphasa.

"Mwanawe, tenga ana uthawire kumtunda. Ine sungandibereke, ndisiye."

"Palibe akuthawa, bambo. Gwirani khomalo."

Adayankha molimba mtima, ngakhale kuti nyumbayo inali isanakumanepo ndi chigumula. Pansi padalira, ndowa idagubuduka, kenaka nyumba yonse idanyamuka n'kuyamba kukwera motsata nsanamira zake, nkhuku zikutetera pakhonde. M'kati simudalowe ngakhale dontho.

Esinala adakokera mphasa ya bambo ake kukhomo. Mudzi wonse unali pamwamba pa madzi, utsi ukufuka m'madenga, amayi akuyankhana nthungululu khonde ndi khonde. Nayenso adaimba yake mpaka mawu kusasa.

A Thaundi adayang'ana nthawi yaitali, akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Kenaka adasuzumira m'madzi.

"Esinala, mbedza yanga udaiika kuti? Ndaona mlamba apa."