Galimoto Yopanda Mabuleki ndi Chambo cha Bwana Kondwelani

Panali munthu wina kwa Malengachanzi ku Nkhotakota, dzina lake Sharifu, amene ankayendetsa kagalimoto ka matola mumsewu wa m'mbali mwa nyanja. Amene anandiuza nkhaniyi anali m'galimotomo tsiku la ngoziyo, ndiye musati ndapeka.

Galimotoyo sinali yake kwenikweni. Sharifu anali mkamwini, ndipo anaigula ndi mkazi wake Madina, atagulitsa mpunga wa m'dimba la kwawo kwa mkaziyo. Pomupatsa makiyi, Madina ananena poyera kuti, "Bambo a Kalilu, galimotoyi ndi thukuta la abale anga. Ikadzatayika, banjanso latha."

Pasanapite nthawi mabuleki anatha. Makaniko wina, a Usman, atasuzumira kunsi kwake anapukusa mutu.

"Achimwene, mupha anthu. Isiyeni ndiikonze."

"Mabuleki ndi a madalaivala amantha," anatero Sharifu. "Ine ndimaima ndi magiya."

Ankaimadi ndi magiya, ikakana n'kuilowetsa mumchenga. Wofuna kutsikira kuchipatala ankayenera kunena akadali kumsika. Mukachedwa kunena, mumabwerera wapansi ndi katundu wanu pamutu.

Mwina mukufunsa kuti apolisi anali kuti. Analipo, akudya bwino. Pa rodibuloko ina panali wapolisi dzina lake Kondwelani. Tsiku loyamba kuimitsa Sharifu, galimoto inamupitirira n'kukaima patali, itagunda chulu. Kondwelani anafika ali wefuwefu, atakwiya kwambiri. Sharifu anangotsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali chambo chimene Madina ankatumiza kwa makasitomala ake pa boma.

Mkwiyo uja unasungunuka pomwepo.

"Poti galimoto yanu siima, tisavutane," anatero Kondwelani. "Mukafika pamtengo wa mango uwo muziliza hutala. Ine ndizikweza chitsulo chotchingira msewuchi, inu muziponya kaphukusi pawindo."

Zinayenda choncho miyezi ndithu. Hutala, chitsulo m'mwamba, nsomba pawindo. Madina akadandaula kuti chambo chikumaperewera, Sharifu ankanamizira okwera kuti ndi akuba. Kondwelani anayamba kunenepa mpaka lamba anaboolanso kawiri. Izi zimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa m'galimotomo munkakwera amayi oyembekezera ndi ana asukulu, iye akudziwa.

Ndiye m'mawa wina panafika bwana wamkulu wa apolisi kudzayendera rodibuloko ija mosachenjeza. Anali mayi wosaseka, yunifolomu yosita bwino, nsapato zonyezimira. Kondwelani anazemba n'kukaimbira Sharifu foni kuseri kwa mtengo, koma sinayankhidwe. Akubwerera, anangomva hutala uja patali. 

"Imitsani galimoto imeneyo tione ziphaso zake," anatero bwana wamkulu.

"Imeneyo ndi yabwinobwino, bwana, timaidziwa."

"Ndati imitsani."

Kondwelani anakaima pakati pa msewu, dzanja m'mwamba. Sharifu ataona chitsulo chili pansi anaganiza kuti mnzakeyo wanyanyala, popeza dzulo lake anamuponyera usipa. Anasolola chambo chachikulu kuposa zonse n'kuchiponya ndi mphamvu zake zonse. Chinakafikira bwana wamkulu pachifuwa, phwa!

Chitsulo osakwera. Sharifu anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa msewu wonse kumva: "Bwana Kondwelani, kwezani chitsulo! Mwaiwala kuti ilibe mabuleki?"

Kondwelani anadziponya mungalande. Galimoto inathyola chitsulo, inagubuduza migolo ya pa rodibuloko, inasiya msewu n'kukatitimira m'dimba la mpunga la eniake. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yonseyo inaima bwinobwino. Anthu anatuluka chokwawa, matope mpaka m'makutu, wina akuitana Allah, wina Yesu. Mwa chisomo panalibe womwalira, koma mayi wina wogulitsa tomato anathyoka mkono.

Bwana wamkulu anachotsa mamba a nsomba pamalaya pang'onopang'ono, kenako anacheukira Kondwelani.

"Mumamudziwa munthu ameneyu?"

"Chibadwire sindinamuonepo, bwana."

Sharifu anali atangotuluka m'matope, ndipo mawu amenewo anamupweteka kuposa ngozi. "Aaa, bwana! Wallahi mukundikana lero? Si inu munandiimbira dzulo kuti usipa wakukolani, ndizibweretsa chambo chokha?"

Masana asanakwane onse awiri anali m'chitokosi chimodzi. Kondwelani anavulidwa yunifolomu, ntchito inathera pomwepo. Galimoto anaikoka ndi thalakitala, ndipo akatswiri ataiona ananena kuti sidzapondanso msewu.

M'mawa mwake Madina anabwera kupolisi atasenza chikwama. Sharifu anasangalala, poganiza kuti muli chakudya, chifukwa chigonereni anali asanalawe kanthu.

"Mayi a Kalilu, mwachita bwino. Njala yandipha muno."

"Muli zovala zanu umu," anatero Madina. "Mukadzatuluka mudzalunjike kwanu, kwathu musadzafikeko."

"Nanga chakudya?"

"Chakudya? Miyezi yonseyi mwakhala mukudyetsa anzanuwa nsomba zanga. Lero akudyetseni iwowo."

Sharifu anatembenuka kuyang'ana mnzake uja. Kondwelani anali atayang'ana kukhoma, akunamizira tulo.

Phunziro: Wapolisi angathe kukukwezerani chitsulo, koma sangakuimitsireni galimoto. Madalaivala, makaniko akanena kuti konzani, konzani. Apolisi, kaphukusi kamene mumalandira pamsewu ndi moyo wa anthu amene ali m'galimotomo. Ndipo inu okwera, mukaona dalaivala akuima ndi magiya, tsikani ndipo mukanene. Tumizirani uthengawu madalaivala onse amene mumawadziwa, ndipo ngati muli ndi m'bale wapolisi, muyambire iyeyo.