Msoko wa Buluku la a Thurlow

A Aldous Thurlow anayala buluku lawo patebulo ngati wansembe akuyala nsalu paguwa. Linali tsiku loyendera zovala m'holo ya mudzi wathu ku Suffolk. Chaka chilichonse gulu lathu limavala monga ankavalira makolo nthawi ya mafumu a Tudor, ana asukulu n'kubwera kudzationera.

Lamulo ndi limodzi: chovala chisokedwe pamanja. Wopezeka ndi msoko wa makina amachotsedwa m'gulu. Lamuloli analemba ndi a Thurlow, ndipo pa zaka khumi ndi chimodzi anali atathamangitsa anthu asanu, wina chifukwa cha kamsoko ka m'khwapa komwe ngakhale nsabwe sikanakaona.

A Thurlow amavala ngati wamalonda a ubweya wa nkhosa, wosalemera koma wosasauka: jekete lakuda ndi buluku lothina lomangirira kujekete ndi tizingwe. Amasoka okha akaweruka kuntchito. Zimenezi tonse tinauzidwa, ngakhale amene sitinafunse.

Crispin Garrod, amene mkulu wake anathamangitsidwa chaka chatha, ananyamula bulukulo n'kuliyang'anitsitsa.

"Akuluakulu, msoko uwu wawongoka mopitirira. Dzanja la munthu limanjenjemerako."

"Lanulo limanjenjemera ndi mowa," anayankha a Thurlow. "Luso musalitche makina, achimwene."

Tinaseka. Njiru ya Garrod inali yosabisika. Ngakhale ife amene a Thurlow amatitopetsa tinawamvera chisoni, poti munthu ankazengedwa mlandu wodziwa ntchito.

"Tiumasule tione," anaumirira Garrod. "Singano imasoka ndi ulusi umodzi. Makina amasoka ndi uwiri, wapamwamba ndi wapansi."

"Ukapezeka uwiri, ndituluka pakhomo apo osabweranso. Ukapezeka umodzi, mutuluke ndinu," anatero a Thurlow.

Akazi awo, mayi Philippa, anali pakona akuthirira anthu tiyi.

"Abambo, tazisiyani izo. Tiyi akuzizira."

"Amayi, inu gwirani za makapuzo. Izi n'za amisiri."

A Thurlow sanalole wina kugwira sizasi. Anadula okha, mosafulumira, kuti akumbuyo nawo aone bwino. Anasolola ulusi umodzi n'kuukweza m'mwamba. Nkhope ya Garrod inagwa, ndipo ena anayamba kale kumupatsa njira yotulukira. Kenako a Thurlow anatembenuza nsalu kuti amalize kumuchititsa manyazi.

Kunsi kwake kunkalendewera ulusi wachiwiri.

Mayi Philippa anaika ketulo pansi.

"Mukapita kuntchito ndimamasula zonse n'kusokanso pamakina, zaka zonsezi," anatero modekha. "Ndi msoko wanu uja, abambo, mukanangowerama kamodzi, ana asukulu akanaphunzira zomwe aphunzitsi sanawatumire."