Ibrahimu Anakhazika Pansi Bambo Ake

Panali munthu wina kumidzi ya ku Lungwena, dzina lake Ibrahimu. Nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo inachitika nthawi ija ya chipani chimodzi, pomwe munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba.

Ibrahimu anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ali ndi kanthu m'manja. Anamanga nyumba ya malata, natsegula kagolosale. Koma chinthu chimodzi chinkamusowetsa mtendere. Bambo ake, Che Sumani, munthu wa imvi mutu wonse, ankapalasabe njinga mpaka ku boma ku Mangochi, dengu la usipa wouma lili kumbuyo. Akabwerako ankalowanso kumunda. Nkhalambayo sinkadziwa kukhala pansi.

Anthu nawo pakamwa satseka. Akamuona Ibrahimu atatchena suti yake ya ku Joni, ankafunsana mokweza kuti chumacho n'cha ntchito yanji pomwe mwini mwana akukhetsa thukuta pamsewu ngati sanabereke. Kwathu kuno mwana akapeza bwino, kholo liyenera kuoneka litakhala, anthu aziliona. Manyazi anamugwira Ibrahimu.

Anagula mpando wa ndalema n'kuuika pakhonde. Njinga ya bambo ake anaichotsa mateyala n'kuipachika kudenga. Kumunda analemba aganyu. Ngakhale ku mzikiti Lachisanu, pafupi pomwepa, ankawakweza pa njinga yake iye mwini.

"Baba, mwavutika kokwanira," anatero. "Tsopano ndi nthawi yanga. Inu khalani, muzidya."

Ndipo ankadyadi: tiyi wa mkaka wotsekemera ngati uchi, mandasi, nyama yokazinga, mpunga wa mafuta. Miyezi yoyamba Che Sumani ankavuta. Ankadzuka, kuzungulira nyumba, kugwira khasu, wina n'kuwalanda. Akamva belu la njinga pamsewu ankasuzumira. Akati atsikire kunyanja akaone asodzi, mpongozi wawo, mkazi wa Ibrahimu, ankathamangira kugolosale kukanena, Ibrahimu n'kubwera kudzawabweza mwaulemu wonse. Mapeto ake anagonja. Thupi linabwera, mimba inatsogola, ndipo anthu aja anayamba kumutama Ibrahimu kuti uyu ndiye mwana.

Chaka chachiwiri mapazi anayamba kutupa. Kungoyenda kupita kuseri kwa nyumba, phuma. Mutu kuwawa osaleka. Ibrahimu anawatengera kuchipatala cha mishoni. Adokotala anawamanga chopopa pamkono, anapopa, anayang'ana, anapopanso. Anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo mtima ukulemedwa. Atamva kuti mkuluyo amaswera pampando tsiku lonse, anapukusa mutu. Anapereka mapiritsi, koma ananenetsa kuti mapiritsi okha sakwanira. Achepetse mchere ndi mafuta, ndipo aziyenda tsiku lililonse, kuyamba pang'onopang'ono, lero mpaka pamsewu, mawa kupitirirako.

Ibrahimu anavomera pakamwa pokha. Ali m'njira anaganizira anthu aja. Bambo ake aziyendanso wapansi m'mudzi, mapazi atatupa, iye ali ndi golosale? Mapiritsi ankawamwetsa mosadumphitsa, koma za kuyenda anazisiya kuchipatala komweko. Che Sumani atamukumbutsa, iye anayankha kuti adokotala aja ndi mwana, ulemu wa kuno saudziwa.

Kenaka mkulu wawo wa Che Sumani, Che Sulemani, anamwalira m'mudzi woyandikana nawo. Amene munaonapo maliro a Chisilamu mukudziwa kuti jeneza, chonyamulira thupi chija, siyenda mozengereza. Amuna amainyamula pamapewa, kulandirana, liwiro lili ndithu, mpaka kumanda. Ibrahimu anakonza zoti bambo ake atsale pakhomo pamalirowo. Koma jeneza itangotuluka, nkhalamba inadzuka. Ibrahimu anaima kutsogolo kwawo.

"Amene uja anandiberekapo kumsana ine," anatero Che Sumani. "Lero apite pamapewa a eni, ine ndili khale? Chokapo."

Aka kanali koyamba kumukalipira pagulu, ndipo Ibrahimu anapatuka. Che Sumani anathamangira jeneza, naika phewa. M'maganizo mwawo anali akadali munthu wa njinga uja, koma thupi linali lina. Njira ya kumanda inali ya mchenga, yokwera pang'ono, dzuwa lili paliwombo. Ibrahimu ankatsatira pambali mtima uli m'malere, akuona thukuta likuwayenderera bambo ake, kamwa lili yasa. Wina anabwera kuti awalandire, iwo anakana ndi mutu. Asanafike n'pakati pomwe, anagwa pansi. Munthu wina analowa pamalo pawo msangamsanga, jeneza n'kupitirira, poti maliro sadikira munthu.

Ibrahimu anatsala pansi pa mtengo wa mango, atagoneka bambo ake pamiyendo. Iwo anali atagwira pachifuwa, akupuma modukiza. Anayang'ana gulu lija likupita, kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Mwanangu, ukanangondisiya ndiziyenda."

Anatsirizika pomwepo. Ibrahimu analira mosatonthozeka, chifukwa anadziwa kuti jeneza inangomaliza ntchito yomwe zaka za pakhonde zija zinayamba, ndipo amene anakonza zimenezo ndi iye mwini, ndi chikondi chake chomwe. Anthu pobwerera kumanda anawapeza pomwepo. Okumba manda anauzidwa kuti asabweze makasu.

Phunziro: Kukhazika kholo pampando tsiku lonse si ulemu, ngakhale anthu akuombereni m'manja. Mtima wa munthu wamkulu umalimba ndi kuyenda, ndipo ukazolowera kukhala, tsiku lomwe udzafunike sudzapirira. Asiyeni aziyenda, azigwira khasu molingana ndi mphamvu zawo, ndipo achipatala akanena, mverani zonse, osangosankhapo mapiritsi. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu, makamaka aja amanyadira kuti bambo kapena mayi awo sagwiranso kanthu.