Mkaidi Wovala Thumba

Ali mkati moyeserera sewero muholo ya tchalitchi kudera la Railways, chitseko chinatseguka, mkaidi wothawa kundende n'kulowa atavala kumutu thumba loboola m'maso. Lettie, yemwe ankasewera ngati mayi wa banja lotsekeredwa m'nyumba ndi akaidi othawa, anakuwa monga anaphunzirira.

Gawo la mkaidiyo linali la Nevers, munthu wosachedwa kuseka. Koma masana amenewo sanaseke. Anamugwira Lettie pamkono mpaka zikhadabo kulowa m'mnofu. Ankanunkha thukuta lamasiku ndi utsi wa lupsa, mapazi ake ali ong'ambikang'ambika, opanda nsapato.

"Osapanga chongo, amayi," ananong'ona pomuletsa kuchita phokoso. "Nifuna chabe madzi na zovala."

Mawu amenewo m'sewero munalibe. Lettie anayang'ana ana ake awiri, omwe anakhala pamphasa kudikira nthawi yawo yolira.

"Eya, mantha ni amenewo!" anafuula a Saulos, otsogolera sewero, akuwomba m'manja. "Pitirizani, osaima!"

Lettie anaponya maso pawindo. Kumsewu, Nevers ankatsika minibasi ya ku Makululu, akuthamanga chifukwa anali atachedwa.